Kachitsulo Kogwira Phiko

Chaka chimene ndinayamba ntchito ku Rotherham, ku Mangalande, ine ndi amuna anga tinkakhala m'kanyumba ka lendi ka njerwa zofiira, pamsewu wokwera womwe basi inkabuula nawo m'mawa uliwonse. Iwo ankagwira ntchito yaunamwino kuchipatala. Ine ndinali nditangomaliza maphunziro a uinjiniya ku Sheffield, ndipo nditafunsira ntchito malo ambiri osayankhidwa, anandilemba pa fakitale ina yaing'ono yosema zitsulo. Sinali fakitale yoti munthu n'kuiloza monyadira. Chinali chishedi chachitali kuseri kwa malo ogulitsa matayala, mkati muli makina osema oyendetsedwa ndi kompyuta, fungo la mafuta, ndi ketulo imodzi yomwe aliyense ankaidandaula koma palibe ankaitsuka.

Ntchito yanga inali yosavuta kuifotokoza. Anthu ankatitumizira chojambula cha chitsulo chimene akufuna, ine n'kuuza makina njira yoti mpeni wake udutse, ndipo chitsulocho chikatuluka ndinkachiyeza mbali zonse kuti ndione ngati chafanana ndi chojambulacho. Nthawi zambiri zinali zitsulo za mapampu ndi za makina a m'mafakitale ena, zinthu zoti ukazitumiza sudzazimvanso.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho bwana wathu, mzungu wamtali wosakonda kulankhula, anabwera ndi ntchito yachilendo. Timu ina ya magalimoto a mpikisano, aja afupiafupi okwera munthu mmodzi, matayala ali panja ngati miyendo ya chiwala, inafuna kuti tiisemere tizitsulo togwira phiko lakutsogolo. Magalimoto amenewa ali ndi mapiko, koma osati ouluka nawo. Phiko limakanikiza galimoto pansi kuti isachoke mumsewu ikamakhota pa liwiro. Lakutsogololo limalendewera kunsi kwa mphuno ya galimoto, ndipo chaka chimenecho okonza mapulani a timuyo anaganiza zokweza mphuno m'mwamba n'kuiwondetsa, ati mphepo yambiri izidutsa pansi. Mphuno ikakwera, chogwira phiko chiyenera kutalika. Ndiye ankafuna kachitsulo katali ngati chikhatho changa, kopyapyala, kopepuka, koma kolimba moti katha kunyamula munthu wamkulu ataimapo. Bwana anandipatsa ine ntchitoyo, nandiuza kuti dzina la timu lisatuluke pakhomo la shediyo.

Masiku oyamba ndinakondwa, sindinama. Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Chitsulo chimene tinkagwiritsa ntchito, titaniyamu, n'chouma mtima. Chimadya mipeni ya makina, chimatentha, ndipo ukachifulumizitsa chimapindika. Ndinkatha tsiku lathunthu kuti kachitsulo kamodzi katuluke bwino. Ndikakayeza, kukakulunga, wa vani n'kubwera kudzakatenga, m'mawa mwake ndinkapeza chojambula china chikundidikira. Achepetsa apa, awonjezera apo, bowo alisuntha pang'ono pokha poti ndi maso sungaone. Kwawoko anali ndi chinyumba chomwe ankaombetsamo mphepo pa kagalimoto koyeserera, ndipo mphepo imeneyo inkasintha maganizo sabata iliyonse. Tsiku lina anaimba foni ndili mkati mosema, akuti ndiimitse makina chifukwa chimene ndikusemacho chatha kale ntchito. Ndinafunsa bwana ngati anthu amenewa akudziwa chimene akufuna. Anangokweza mapewa, nati akanadziwa sakanatipatsa ntchito yambiri chonchi.

Kunyumba ndinauza amuna anga okha. Munthu ukamafika mochedwa, zala zili zodulidwadulidwa ndi tizidutswa ta chitsulo, uyenera kunena kumene wachokera. Ndinawachenjeza kuti nkhaniyo ithere m'nyumba. Analonjeza atagwira pamtima.

Mpingo wathu unkakumana mu holo yobwereka pafupi ndi siteshoni ya basi. Tinali Amalawi ndi anzathu ochepa a ku Zambia. Mmodzi wa akulu ampingo anali bambo wina wa kwathu ku Dedza, amene tonse tinkawatchula kuti amalume ngakhale panalibe ubale wamagazi. Kumudzi anali mphunzitsi, koma kuno ankanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Wakefield, ndipo Lamlungu lililonse ankakwera sitima ndi basi kudzapemphera nafe, atavala suti ndi tayi ngakhale kugwe chisanu chotani. Akazi awo ndi ana anali akadali ku Malawi.

Lamlungu lina, nthawi ya maumboni, amalume anaimirira. Anayamba ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo, monga mwa masiku onse, kenaka anati pali nkhani ina yomwe mwini wake akuibisa chifukwa cha kudzichepetsa. Anatembenuka n'kundiloza.

"Mayi ali apowa apanga galimoto," anatero. "Galimoto yothamanga, imene dziko lonse liione pa tivi. Mwana wa ku Dedza."

Amayi analuluta. Ine ndinayang'ana amuna anga, iwo anali atatsegula buku la nyimbo akuwerenga mwachidwi ngati aliona koyamba. Titatuluka ndinayesa kuwongola nkhaniyo. Ndinauza amalume kuti sindinapange galimoto, ndinasema kachitsulo kamodzi mwa zinthu zikwizikwi, ndipo ngakhale mapulani ake si anga. Anandimvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu, kenaka anauza amene anali pafupi kuti aone mmene munthu wophunzira amadzichepetsera. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka mayi injiniya.

Pobwerera sindinawalankhule amuna anga mpaka tinatsika basi. Iwo ankati anangotchula pang'ono, ndipo dzina la timu sananene, anangonena mtundu wa penti yake. Ndinawafunsa kuti magalimoto a penti imeneyo alipo angati.

Mipikisano itayamba, zinaoneka kuti malo oonera ndi kwathu. Palibe anandifunsa. Mapemphero akangotha, amalume ndi abambo ena ankakwera nafe basi, n'kudzaza pabalaza, ena pamipando, ena pakapeti, nsapato zili mulu pakhomo. Amalume, amene pemphero lawo lotsekera linkazungulira odwala onse a ku Malawi ndi ku Mangalande, anayamba kulidula masiku a mpikisano, moti abusa anadabwa. Ndipo anthu akabwera kwanu kuchokera kutchalitchi sungawasiye ndi njala. Ndinkavula zovala zakutchalitchi, kumanga chitenje, n'kulowa kukhitchini kukaphika mpunga ndi nkhuku. Magalimoto akamanyamuka ine ndinali ndikudula anyezi.

Khitchini yathu inali yogundizana ndi pabalaza, ndiye ndinkamva zonse. Abambo amene mwezi wapitawo sankadziwa kuti masewerawa alipo anali akuphunzitsana za mapiko. Wina anati phiko lakumbuyo ndi lothandiza galimoto kudumpha mabampu. Amalume anamutsutsa, nati ndi lotchinga dzuwa kuti injini isatenthe. Pakafunika woweruza ankafunsa amuna anga, anamwino, pamene ine ndili kuseri kwa khoma ndi mpeni m'manja. Ankandikumbukira pokhapokha galimoto yathu ikavuta.

Ndipo inkavuta. Galimoto imene inaoneka yokongola pa zithunzi, mphuno ili m'mwamba ngati munthu wonyada, pamsewu inali yamwano. Loweruka, tsiku lopikisana malo oyambira, inkathamanga ndithu, anthu n'kukhala ndi chiyembekezo. Koma Lamlungu ikangozungulira kangapo matayala akutsogolo ankatha, dalaivala akakhota galimoto inkafuna kupita molunjika, ndipo anzake ankamudutsa mmodzimmodzi. Kukatentha injini inkapsa mtima n'kutulutsa utsi. Tsiku lina inangozima yokha panjira, dalaivala n'kutsika kumayenda wapansi, chipewa chili m'manja. Nthawi iliyonse zoterezi zikachitika, mawu a amalume ankabwera kukhitchini.

"Mayi injiniya, tabwerani mudzaone. Yatani tsopano?"

Ndinkatuluka ndi chipande, kuyang'ana, n'kunena kuti ndi injini, kapena matayala, ndipo ine injini sindinaionepo ngakhale ndi maso. Amalume ankandilangiza mwaulemu kuti Lolemba ndikauze anzanga awonjezere madzi mu rediyeta, poti basi ya kwawo ikamakwera phiri ankatero. Ena ankati tichepetse mapiko, galimoto si nkhunda. Ndinasiya kutsutsa. Ndinkangoti ndamva, n'kubwerera kukaona mpunga.

Lolemba lake kuntchito zotsatira za Lamlungu zinkandipeza. Galimoto ikalephera, okonza mapulani sankagona, ndipo chojambula chatsopano chinkafika ndisanavule n'komwe jekete. Phiko alisintha, ndiye chogwirira chisinthenso, ndipo akuchifuna pofika Lachitatu kuti chikwere ndege. Ndinkadya nkhomaliro nditaimirira pambali pa makina. Sabata yonse galimoto imeneyo inkandidya kuntchito, Lamlungu n'kunditsatira kunyumba itatenga alendo.

Chapakati pa chaka, nyengo yotentha, panabwera Lamlungu limene galimoto ija inayenda bwino. Inali pakati pa magalimoto akutsogolo ndipo sinkabwerera m'mbuyo. Phokoso la pabalaza linakula moti ndinazimitsa chitofu n'kukaima pakhomo kuti nanenso ndione. Ndinangoima pang'ono. Galimoto ili pa liwiro lalikulu panjira yowongoka, phiko lakutsogolo linagwa n'kulowa pansi pa matayala. Kutsogolo kunanyamuka, dalaivala analibenso chowongolera, ndipo galimoto inadutsa pamchenga n'kukamenya mpanda wa matayala. Fumbi linakwera. Kwa kanthawi chipewa cha dalaivala sichinagwedezeke.

Kenaka dalaivala anasuntha mutu, anamasula malamba, natuluka yekha akuyenda. A tivi anabwereza chithunzicho pang'onopang'ono, kachiwiri, kachitatu, akuonetsa pamene phiko linalekana ndi mphuno, pamalo penipeni pamene panali kachitsulo kanga. Nthawi imeneyi palibe anafunika kundiitana. Onse anali atatembenuka kale. Amalume anavula magalasi.

"Mayi injiniya," anatero motsitsa mawu, "kodi munamanga bwino?"

Ndinafuna kuwauza kuti ine sindimanga, ndimasema, omanga ndi ena. Koma funso lomwelo linali litandifika kale mumtima mwanjira ina. Kodi ndinayeza bwino? Kodi mpeni sunasiye kamzere kosaoneka pamene chitsulo chinayambira kung'aluka? Amalume anati tipemphere, ndipo anapempherera dalaivala, banja lake, ndi mwana wathu amene dzanja lake laterereka, kuti azungu amuchitire chifundo. Amuna anga anati ameni pamodzi ndi enawo. Ndinapakulira alendowo chakudya, ndipo anadya chonse.

Lolemba ndinakwera basi yoyamba. Ndinatulutsa tizitsulo tonse totsala ta mtundu umenewo n'kuyamba kutiyezanso kamodzikamodzi. Tonse tinali bwino, koma zimenezo sizinanditonthoze, poti tiwiri timene tinali pagalimoto sindikanatha kutiyeza. Bwana anafika, anandiyang'ana, anayang'ana tizitsulo tili ndanda patebulo, nati tidikire. Tinadikira mpaka chapakati pa sabata, pamene timu ija inatitumizira zithunzi za zidutswa. Tizitsulo tanga tonse tiwiri tinali tathunthu, tosapindika, tikugwirabe chibenthu cha mphuno chimene chinazuka nato. Chimene chinathyoka ndi mphuno yowonda ija. Ponyamuka dalaivala anali atagunda pang'ono galimoto ya mnzake, mphuno n'kuchita mng'alu, ndipo mng'aluwo unakula mpaka unalekana. Bwana anandipangira tiyi ndi manja ake, chinthu chimene sanachitirepo munthu aliyense.

Lamlungu lotsatira ndinawapeza amalume panja pa holo mapemphero asanayambe, ndipo ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, za kugundana, za mng'alu, za tizitsulo tathunthu. Ndinkayembekeza kuti mwina anena kuti pepani. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nkhope ikuwala.

"Mwaona mphamvu ya pemphero?" anatero. "Mulungu wakubisirani manyazi."

Ndinalowa mu holo ndisanayankhe, chifukwa chimene chinabwera pakamwa panga sichinali choyenera kuuza mkulu wampingo.

Ngozi imeneyo inawatsegula maso okonza mapulani aja. Patapita masabata ochepa anataya mphuno yawo yokwera, napanga ina yotsika ndi yotakata ngati ya anzawo onse. Phiko latsopano ankaligwira ndi timizati tomwe ankaumba okha kwawoko, osati ta chitsulo. Ntchito yathu inatha ndi foni imodzi yaifupi. Tizitsulo totsala, timene ndinataya nato nkhomaliro zambiri, bwana anatithira mu dilamu ya zotaya, ine n'kubwerera ku mapampu.

Ndinauza amuna anga kuti poti nkhaniyi anaiyamba ndi iwo, aimalizenso okha. Akauze amalume kuti pagalimoto ija palibenso changa, ndipo anthu apeze kwina koonera. Anavomera, koma Lamlungu linafika, anthu n'kukwera nafe basi monga kale. Nditawafunsa anati anayesa, koma mawu anakanika. Anandiuza kuti anapitako kumene amalume ankakhala ku Wakefield, kachipinda kamodzi m'nyumba yodzaza anthu osadziwana, bedi, mpando, ndi chithunzi cha ana pawindo. Munthuyo sabata yonse ankayembekeza Lamlungu lakwathu. Ndinawayankha kuti chisoni chawo n'chabwino, kungoti chikuphikidwa ndi manja anga. Komabe Lamlungu limenelo ndinaphika, ndi lotsatira lakenso.

Ndi mphuno yatsopano galimoto inasiya manyazi. Sinkapambana, koma inkamaliza. Chakumapeto kwa chaka kunagwa mvula yambiri tsiku la mpikisano, magalimoto akutsogolo anaterereka ena n'kugundana, ndipo yathu, imene inkayenda mosamala m'mbuyo mwawo, inamaliza yachitatu. Amalume anavina pakapeti atavala masokosi, tayi ili paphewa. Kenaka anatulutsa khadi yoimbira kunja m'thumba, anakanda manambala ndi kiyi, naimbira akazi awo ku Dedza pa foni yathu ya m'nyumba. Anafuula nkhani yonse, kenaka anandiitana kuti mayi akufuna kundiyamika okha.

Ndinawanong'oneza kuti pagalimoto imeneyo palibe ngakhale kabawuti kanga, ntchito inatha kalekale. Anatseka foni ndi chikhatho, nati ndisiye kudzichepetsa, maziko ndinaika ndine. Ndinalandira foniyo. Mawu a mayi amene sindinawaonepo anabwera kuchokera kutali, akudukaduka, akundithokoza chifukwa chokweza dzina la kwathu, komanso chifukwa chowadyetsa amuna awo Lamlungu lililonse. Anati akaimba amangokamba za mpunga wanga. Ndinati zikomo amayi.

Mipikisano ya chaka chimenecho itatha, ndinadikira tsiku limene amalume anabwera kudzacheza okha, amuna anga ali pomwepo. Ndinawaikira tiyi, ndinakhala pansi, n'kunena kuti chaka chamawa nyumba ndi yotsegula, tivi ilipo, koma ine Lamlungu masana ndizipuma. Amene akufuna kudya, khitchini ndi iyo, mapoto ali pansi pa sinki. Amuna anga anatsokomola. Amalume anatakasa shuga, kenaka anati ali mphunzitsi wosakwatira ankadziphikira okha, ndipo anthu ankayamikira.

Anachitadi. Chaka chotsatira mipikisano itayambanso, amalume ankavula jekete, kupinda malaya, n'kulowa kukhitchini ndi amuna anga, tivi ataikweza kuti azimva. Mpunga unkapserera pansi pamwamba uli wosapsa, ndipo poto wanga wamkulu sanabwererenso mwakale. Ine ndinkakwera kuchipinda cham'mwamba, kutseka chitseko, n'kugona. Nthawi zina ndinkamva amalume akufunsa pansi pa masitepe ngati mchere amathira madzi asanawire kapena atawira, ndipo amuna anga ankawauza kuti atsitse mawu, mayi agona.